Nyerere Wanenepa

4 Febuluwale

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inuyo, alamu, kakhanda kathu katsopano ndi amayi. Ine kuno ndili bwino, kungoti maso atopa ndi manambala. Nanga mwana wathu Nyerere? M'kalata yanu yomaliza munati chikuku chamugwetsa, kenako zii, mwezi wathunthu. Inu achimwene, mizere itatu yokha ikukukanikani kulemba, chonsecho tsiku lonse mumakhalira kusoka nsapato za anthu? Mundiuze ngati mwanayo wayamba kudya.

Mu envelopumu mupeza kabuku. Chaka chilichonse gawo lathu la sayansi ya kadyedwe limasindikiza mbiri za ife ophunzira a digiri yachiwiri: zimene aliyense anaphunzira kale, ntchito imene ankagwira, ndi zimene akufufuza tsopano. Ine ndili pa tsamba 9. Musaseke chithunzicho, wojambulayo anandiuza kuti ndisaphethire, ndiye ndinatong'ola maso.

Tilipo asanu m'chipinda chimodzi cha mawindo awiri, lina losatseguka. Wa pafupi ndi chitseko anaphunzira zaulimi, akufufuza chifukwa chake nyemba zina zimawonjezera magazi kuposa zinzake. Tebulo lake ladzaza timabotolo ta nyemba, ndipo ukangoligwedeza pang'ono amakuyang'ana ngati wamupondera mwana. Wina ankaphunzitsa anyamata othamanga, iye nkhani yake ndi chakudya cha othamanga basi, ngakhale mukukamba za mvula. Wina anachita za makompyuta, sindinamvetsebe chimene akufuna kuno. Koma mnzanga weniweni ndi mayi wina wachikulire amene timangomutchula kuti Anesi. Anagwira ntchito mu wodi ya ana zaka khumi ndi zinayi asanabwerere kusukulu. Salankhula kawirikawiri, koma akafunsa funso ngakhale a Pulofesa amavula magalasi.

Ine ndine yemwe uja, mphunzitsi wa sayansi amene munamupatsa dzina loti Choko. Funso langa ndi ili: ana awiri akasowa chakudya choyenera mofanana, n'chifukwa chiyani wina amawonda pomwe wina amatupa? Mpaka lero akatswiri akukanganabe. Ndimakhala mu labu ndi timachubu ta magazi ndi mapepala a ana amene sindinawaonepo nkhope. Ndiye mukawauze anzanu a pashopu paja kuti mlongo wanu sanabwere kuno kudzaphunzira kuphika.

Kabukuko kali m'Chingerezi. Amayi muwaonetse chithunzi chokha, zolembazo ndidzawafotokozera ndekha ndikabwera patchuthi.

Ndine mlongo wanu,
Choko

19 Febuluwale

Choko,

Moni wako wafika, tonse tili bwino kuno, kaya iwe ndi manambala akowo. Usandinene za kulemba, zala zanga zinazolowera singano, cholembera chimanditerera.

Kabuku kako ndakakhomera pakhoma la shopu, pamwamba pa makina, kotsegula pa tsamba 9. Msomali wina kumtunda, wina kumunsi, kuti mphepo isakatseke. Aliyense wobwera ndi nsapato yong'ambika ayambe wapereka moni kwa iwe. Chingerezi changa ukuchidziwa, chimathera pa manambala a kunsi kwa nsapato, koma ndimawauza kuti uyu ndi mlongo wanga, ndinkamubereka ine popita kusukulu mvula ikagwa. Amayi anabwera kudzaona, anapukuta chithunzicho ndi nsonga ya mpango wawo. Akuti wawonda, ukuphunzira za chakudya koma osadya.

Tsopano za Nyerere. Chikuku chinatha koma chinamusiya ngati chingwe, ndipo anatsegula m'mimba pafupifupi masabata awiri. Tinada nkhawa, osanama. Alamu ako ali ndi khanda kubere, ndiye Nyerere anamusiyitsa, masana amakhala ndi amayi. Dzira akulavula, nyemba akukana, mkaka akutembenuza nkhope. Koma phala lamadzimadzi la shuga ndi tiyi, ee, pamenepo ndiye osamuima kutsogolo. Ndipo taona, zamuyanja! Mwana wanenepa ameneyo. Masaya ali ngati mabanzi. Nsapato zija ndinamusokera mu Disembala, zofiira za lamba mmodzi zija, zayamba kumuthina. Loweruka ndaboola bowo lina pa lamba kuti zimange.

Ndiponso wasintha khalidwe. Ukukumbuka chifukwa chake tinamutcha Nyerere, kuti sankakhala pansi, ankanditayira misomali ndi kundibisira nyundo? Pano ukamukhazika pa benchi umupeza pompo, manja pamiyendo, phee. Amayi akuti wayamba nzeru. Kusikelo sitinapite mwezi uno, alamu ako sangathe ndi ana awiri, koma sikelo ya chiyani mwana akuoneka ndi maso?

Ndiye inu a digiri yachiwiri muzifufuza kumeneko, ife kuno tikunenepetsa ana ndi phala. Ukawauze a Pulofesa ako abwere adzaphunzire kwa amayi.

Achimwene ako

2 Malichi

Kwa mlongo wanga,

Moni lero ndilibe.

Dzulo masana pashopu panali anthu. Panali makasitomala atatu, mayi wogulitsa nthochi uja, mwini sitolo ya misomali ya pafupi nafe, ndipo amayi anali atangofika ndi chakudya changa, Nyerere ali kumsana. Kunabwera mphunzitsi wina wopuma ntchito kudzatenga nsapato zake. Ataona tsamba lako pakhoma anayamba kuwerenga chamumtima. Ine chitsiru ndinati, aphunzitsi, tatimasulireni mokweza kuti amayi ake amve. Ndine ndinamupempha, ndi pakamwa pangapa.

Anamasulira za sukulu zako, za digiri yoyamba, za zaka zisanu zimene unaphunzitsa. Anthu ankawomba m'manja. Kenako anaima, n'kunena kuti kwatsalaku n'kosafunika. Ine ndinati pitirizani, tisasiye kanthu. Ndiye anawerenga. Akuti iwe unalemba kuti chidwi chako chinayambira kunyumba kwanu, kuti uli ndi zaka zisanu ndi zinayi mlongo wako wamng'ono anafa ndi njala ali ndi zaka zitatu, ndipo m'banja lonse palibe amene anazindikira.

Amayi anaika chakudya pansi, n'kunena mawu amodzi okha, kuti mwana wanga sanagonepo ndi njala. Anatuluka. Mpaka pano akungokhala kuchipinda.

Choko, unaganiza chiyani? Kabwana anafa ndi malungo, aliyense akudziwa. Mwana wa njala angatchedwe Kabwana? Dzinalo tinamupatsa chifukwa cha kunenepa, masaya aja, mimba ija, ankakhala pampando ngati mwini kampani. Bambo atatisiya, amayi ankachapa zovala za anthu mpaka zala kung'ambika kuti pamoto pasazime. Ine ndinasiya sukulu kuti iwe upitirize. Lero watenga maliro a mng'ono wanga n'kuwasindikiza m'kabuku kuti aphunzitsi ako akumvere chisoni. N'chifukwa chake unati amayi tiwaonetse chithunzi chokha. Unkadziwa. Zandipweteka kwambiri, ndipo manyazi amene ndili nawo sindikudziwa kuti ndiwaika pati. Wa nthochi uja pofika madzulo anali atauza msewu wonse.

Ngati ukuti m'nyumba muno ana amafa ndi njala, bwera udzaone Nyerere. Ndaboola bowo lachiwiri pa lamba. Amayi ananena okha sabata yatha kuti watengera Kabwana ndendende, ngakhale tsitsi lafiira n'kufewa ngati lake lija.

Kabuku kako ndakazula pakhoma.

Mlongo wako

3 Malichi

Okondedwa achimwene,

Kalata yanu ya pa 19 Febuluwale yafika lero m'mawa, ndipo ndaseka ndekha pakhonde la labu mpaka wa nyemba uja anasuzumira. Mwandikhomera pakhoma ngati kalendala! Zikomo, koma mukanasankha malo oti fumbi la zikopa lisandidetse.

Mtima wanga wakhala pansi kumva kuti Nyerere wachira ndipo wanenepa. Mumupsompsone masaya a mabanziwo m'malo mwa azakhali ake. Dzira musatope nalo, muziyesabe pang'onopang'ono. Amayi muwauze kuti ndikudya, chithunzicho n'chabodza.

Ndikulemba mothamanga, a Pulofesa akufuna mutu woyamba wa kafukufuku wanga Lachisanu. Kalata yanuyi mawa ndikawawerengera Anesi, ija ya kuti a Pulofesa abwere adzaphunzire kwa amayi iwaseketsa.

Mlongo wanu,
Choko

4 Malichi

Achimwene,

Moni nonse. Kalata imene ndinaponya dzulo muitaye. Iyi ndaitumiza pa positi yachangu, ndipo muiwerenge mpaka kumapeto musanagwire nsapato ina.

Lero pa nthawi ya tiyi ndinawawerengera Anesi kalata yanu kuti aseke. Sanaseke. Anaika kapu pansi n'kundifunsa kuti, nsapatozo zikuthina phazi limodzi kapena onse awiri? Kenako anati, mwana amene anali chingwe mu Januwale, amene akumwa phala lamadzi ndi tiyi, mnofu wonenepera wautenga kuti? Nanga anasiyiranji kusewera? Achimwene, zimenezi ndi zimene ndimawerenga tsiku lililonse, ndi mutu weniweniwo wa kafukufuku wanga, koma zitabwera m'kalata ya kwathu ndinawomba m'manja. Ndikuchita manyazi, ndipo ndili ndi mantha.

Ndikuopa kuti Nyerere sananenepe. Watupa. Thupi likasowa zomangira nthawi yaitali, ana ena amadzaza madzi, kuyambira kumapazi kukwera mpaka kumaso. Amaoneka onenepa, amakhala phee, amakana chakudya. Matenda amenewa amapha, ndipo sachedwa.

Chitani ichi lero lomwe. Mumuvule nsapato. Muike zala zanu zazikulu pamwamba pa mapazi onse awiri, mudine osati mwamphamvu, muwerenge pang'onopang'ono mpaka katatu, muchotse. Mnofu weniweni umabwerera nthawi yomweyo. Pakatsala maenje, amenewo ndi madzi. Mukatero musadikire mawa, musapite kogula mankhwala, mumutengere kuchipatala chachikulu mukanene kuti mwana watupa mapazi onse awiri. Ndiponso musamukakamize chakudya chambiri kunyumba poganiza kuti mukumuthandiza. Anesi akuti thupi lofooka chonchi limafuna kuyamba ndi mkaka wapadera, pang'onopang'ono, achipatala akuyang'anira.

Ndaimba foni ya kusitolo ya misomali, mwini wake wati akuuzani. Ndiimbanso mawa ndi mkuja. Ndikanakwera basi lero lomwe, koma pasipoti yanga ili ku ofesi yoona za chilolezo chokhalira kuno, akuti ituluka mwezi wamawa.

Mwina ndikulakwitsa. Ndikhala wokondwa mukandiseka chaka chonse. Koma dinani.

Choko

12 Malichi

A Dokotala,

Tili moyo. Makalata anu awiri afika tsiku limodzi. Ina ikuti mupsompsoneni, ina ikuti thamangani kuchipatala. Titsate iti?

Ndaona kuti Kabwana sanakukwanire, tsopano wayamba mwana wanga. Kapena mutu wachiwiri wa buku lako ukusowa munthu? Ukufuna chaka chamawa pa tsamba 9 padzalembedwe kuti mwana wa mchimwene wako wosoka nsapato nayenso anali wa njala, palibe anazindikira, kupatula iwe ndi Anesi ako amene sanamuonepo n'komwe? Munthu ali kutali chonchi angadziwe bwanji mapazi a mwana wanga kuposa ine amene ndimawasokera nsapato?

Mwini sitolo wandiitana katatu kuti kuli foni. Ndamuuza kuti ndili ndi ntchito.

Poti umakonda manambala, nawa. Ndinamuika Nyerere pa sikelo yoyezera misomali. Wawonjezera kilo imodzi ndi theka kuchokera pamene anadwala. Wanjala amalemera? Khungu likusupuka pang'ono m'miyendo, koma ndi zotsalira za chikuku, alamu ako akumudzoza mafuta. Lamba wa nsapato watha poboola, ndiye ndalumikiza kachikopa kena n'kuboola lachitatu.

Sindinamudine ndipo sindimudina. Mwana wanga si papaya wa pamsika woti ndizimuyesa ngati wapsa. Alamu ako anafunsa zimene walemba, ndinawauza kuti ndi moni chabe. Amayi sindinawawerengere, zimene unawachita zakwana.

Usalembenso za nkhaniyi.

Mlongo wako

14 Malichi

Amayi anga okondedwa,

Ndikupereka moni ndili chogwada. Ndalemba zilembo zikuluzikulu kuti muwerenge nokha, wina asakuwerengereni. Anesi, mnzanga wa kuno, andipezera dalaivala wa lole amene akudutsa kwathuko, ndipo walonjeza kuti akupatsani m'manja mwanu.

Dzulo ndalandira kalata ya achimwene yonena zimene zinachitika pashopu. Ndinalakwa, amayi. Nkhani ya Kabwana si yanga ndekha, ndinayenera kukupemphani ndisanailembe, ndipo ndinabisala kuseri kwa Chingerezi chifukwa ndinkaopa nkhope yanu. Koma mawu oti njala sindinalembe ine, anasankha ndi womasulira uja. Ine ndikudziwa kuti Kabwana sanagonepo ndi njala. Ndinkakuonani mukumupatsa phala lanu inu n'kumwa madzi. Mimba yake inkakhuta. Chimene chinkasowa ndi zomanga thupi, ndipo panalibe amene anakuuzani. Malungo mwina analipodi, koma anapeza thupi litatha kale.

Pali chinthu chimene sindinauzepo munthu. Tsiku lina munapita kochapa n'kundisiyira Kabwana kuti ndimusambitse m'beseni lobiriwira lija. Nditamugwira phazi, chala changa chinasiya kadzenje. Ndinaseka. Ndinapanga kena, n'kupanganso kena phazi linalo, ndipo ndinkadonthezeramo madzi kuti ndione ngati akhala. Ankakhala. Iye ankangondiyang'ana, osaseka, osalira. Patapita masabata awiri tinamuika m'manda. Sindinakuuzeni chifukwa sindinkadziwa kuti n'chinthu chouza munthu. Ndinadzazindikira ndili wamkulu, m'kalasi, nditaona chithunzi cha phazi lotero m'buku, ndipo ndinatuluka kukasanza. Pamene ndinalemba kuti palibe anazindikira, woyamba ndinkanena ine. Sukulu yonseyi ndikuphunzira chifukwa cha timaenje timeneto.

Achimwene alemba kuti inu mwanena nokha kuti Nyerere watengera Kabwana, mpaka tsitsi. Amayi, mawu amenewo sindikugona nawo. Ndinawalembera kuti amudine mapazi, koma foni yanga akuikana, ndipo sindikudziwa ngati achita.

Nyerere amakhala ndi inu masana. Mumuvule nsapato. Zala zanu zazikulu pamwamba pa mapazi onse awiri, mudine, muwerenge mpaka katatu, muchotse. Pakatsala maenje mumubereke mupite kuchipatala chachikulu, osapempha chilolezo kwa munthu.

Mundikwiyire zaka zonse zimene mukufuna, ndivomera. Koma lero dinani.

Mwana wanu

19 Malichi

Mwana wanga,

Moni. Ndikulemba ndili pa benchi ya kuchipatala, pensulo ndabwereka kwa mayi wa bedi loyandikana nafe. Usaseke zilembo.

Wa lole anandipatsa kalata yako Lachiwiri. Sindinaitsegule. Ndinaiika pansi pa pilo tsiku lonse chifukwa mtima unali ukadali wowawa. Tsiku limene ndinataya choncholo ndikulilira mpaka pano. Lachitatu m'mawa ndinaitsegula kuti ndione ngati wapepesa. Ndinawerenga mpaka pa beseni, pamenepo ndinaima.

Timaenje timeneto inenso ndinkatidziwa. Ndikamutsitsa Kabwana kumsana, nsalu inkasiya mizere m'miyendo mwake, yozama, yosachoka msanga. Ndinkati ndi mmene amakhalira ana onenepa. Ndinkanyadira. Anzanga kochapa ankati mumamudyetsa chiyani, ine n'kumaseka.

Nyerere anali atakhala pamkeka pamene ndinamusiya. Ndinamuvula nsapato, zinavuta kuvula. Ndinaika zala. Ndinawerenga kamodzi, kawiri, katatu. Nditachotsa panatsala maenje awiri. Ndinadikira kuti atsekeke. Ndinanena pemphero lonse mpaka ameni, anali adakalipo.

Ndinamubereka. Njira ya kuchipatala imadutsa pashopu, ndipo mchimwene wako anatuluka n'kufunsa kuti mukupita naye kuti. Ndinamutsitsa mwana n'kumukhazika pa tebulo pakati pa nsapato za anthu, ndinagwira chala cha bambo akecho, chakuda ndi guluu, n'kuchidinikiza paphazi ndekha. Anayang'ana dzenjelo. Anamunyamula mwana n'kuyamba kuthamanga, shopu anaisiya chitsegulire, anatitsekera ndi wa misomali uja.

Kuno sanatiimike pamzere. Namwino atangoona mapazi ndi khungu anaitana dokotala. Anafunsa kuti kutupaku kunayamba liti, ife tinangoyang'anana, pakuti kutupa sitinakuone, tinaona kunenepa. Bambo ake ndi amene anayankha, anati bowo loyamba ndinaboola pakati pa Febuluwale. Dokotala sanamve za bowo, mpaka anamufotokozera.

Amuika kachubu m'mphuno chifukwa akukana kumeza. Akumupatsa mkaka wawo pang'ono pang'ono, pa maola awiri alionse, ndipo amufunditsa mabulangete awiri ngakhale kukutentha. Mayi ake ali pano ndi khanda, akungolira. Sanatiuze kuti achira. Akuti tione masiku atatu awa. Ndili ndi mantha amene ndinali nawo nthawi ija.

Za kabuku sindinakhululuke. Tidzakamba.

Mayi ako

2 Epulo

Choko, mlongo wanga,

Moni. Ndikuyamba ndi moni chifukwa ndinakumana kawiri konse. Uli bwanji kumeneko? Anesi ali bwanji? Uwagwire chanza ndi manja awiri, uwauze kuti wosoka nsapato wina wamwano akuti zikomo.

Nyerere ali moyo. Ndayamba ndi zimenezo kuti usathamange ndi maso.

Masiku oyamba ndinatsala pang'ono kumenyana ndi achipatala. M'mawa uliwonse ankamuika pa sikelo, ndipo m'mawa uliwonse ankatsika. Masaya anaphwa, miyendo inatsala timitengo. Tsiku lachinayi ndinakalipa mu wodi kuti ndinabwera ndi mwana wathupi, inu mukumumaliza, ndipatseni ndizipita naye. Namwino wamkulu sanakwiye. Anandigwira dzanja n'kundidinitsa phazi. Dzenje linali laling'ono, ndipo linatsekeka ndikuona. Anati bambo, amene akutsika pa sikeloyo ndi madzi, mwana wanu ndi uyu akutulukayu. Ndinakhala pansi, ndinalira pamaso pa azimayi onse a mu wodi.

Pano ndi wowonda ngati singano yanga, koma kachubu anachotsa, akumwa yekha ndipo akulirira kapu ikatha. Dzulo analanda cholembera cha dokotala n'kuchiponya pansi pa bedi, kenako anaseka. Dokotala anati chabwino, ameneyu ndi wathu. Akuti mwina Lachisanu atitulutsa, koma tizibwera naye kusikelo sabata iliyonse. Alamu ako awaphunzitsa zosakaniza m'phala, ndipo inenso ndinakhala nawo pa phunzirolo, mwamuna ndekha pa benchi.

Pali chimene ndiyenera kukuuza. Ndinalemba kuti ndimadziwa mapazi a mwana wanga kuposa iwe. Zinali zoona, ndipo n'chimene chikundipweteka. Ine ndimayeza mapazi a anthu tsiku lililonse. Ndikudziwa kuti phazi la mwana limakula m'litali, silikula m'mwamba, ndipo silifuna mabowo atatu pa mwezi umodzi. Pamene ndinkalumikiza kachikopa kaja ndinkadziwa kuti china chake chalakwika. Kalata yako ndinaiwerenga kasanu. Sindinamudine chifukwa ndinkaopa kuti dzenje litsala, ndipo likatsala ndiye kuti za Kabwana unanena zoona. Ndinasunga ukali wanga masiku asanu ndi limodzi, mwana akutupa. Undikhululukire, ngakhale ine sindinadzikhululukire.

Nsapato zija ndachotsa kachikopa. Zikumanga pa bowo lakale, ndipo zikukhwepa. Mabowo enawo sindinawatseke, akhale choncho ndiziwaona.

Kabuku kako sindinataye, kanali m'bokosi la zidutswa za zikopa. Amayi anakatenga. Akuti nawonso ali ndi mawu, ndiye ndawasiyira malo pansipa.

Achimwene ako

Mwana wanga, ndi ine. Mphunzitsi uja ndinamuitanitsa kuti andiwerengerenso tsamba lako pang'onopang'ono, liwu ndi liwu. Wavomera kuti pa njala paja anafulumira. Koma iwenso walakwitsa zinthu zitatu, ukawauze osindikiza akonze.

Choyamba, mlongo wakoyo sanafike zaka zitatu. Anali ndi ziwiri ndi miyezi isanu ndi iwiri.

Chachiwiri, walemba za sukulu zako zonse koma za kudina phazi sunalembe. Uikemo, ndipo uike m'chinenero chathu, kuti mayi wochapa zovala asadikire mphunzitsi wopuma kuti amumasulire.

Chachitatu, wangoti mlongo wanga wamng'ono. Ali ndi dzina. Ulembe lenileni, la pa khadi lake la kusikelo, ndakuikira khadilo mu envelopumu. Loti Kabwana lija m'nyumba muno tasiya kulitchula. Mwana wanga sanali wonenepa.